Kuika sola padenga la kagalimoto ka gofu: yambani ndi mavolti, panelo ibwere pambuyo

Pamalo ena ogona alendo m'mphepete mwa nyanja ku Mangochi, kumene ndinkayang'anira magetsi ndi mapampu a madzi, tinali ndi kagalimoto kamodzi ka gofu koyendera mabatire. Pabwalo la gofu sikanapondepo. Ntchito yake inali kunyamula zikwama za alendo kuchokera pageti, kutuma zochapa, ndi kubweretsa makireti a zakumwa kuchokera kusitolo. Magetsi akazima usiku, m'mawa kankadzuka ndi njala, ndipo pachitunda chopita kukhitchini anyamata ankachita kukakankha, alendo akuyang'ana. Chonsecho kankakhala padzuwa tsiku lonse, denga lake likutentha moti sungaligwire ndi dzanja.

Ndinathamangira kugula panelo ya sola ndi kontirola wamba (kabokosi kokhala pakati pa panelo ndi batire koyang'anira katchajidwe), ija timaika m'nyumba pa batire la mavolti 12 kapena 24. Ndinamanga zonse bwinobwino, ndipo mabatire sanalandire kanthu ngakhale pang'ono. Ndalama zinapita. Malangizo ali m'munsimuwa ndi amene ndikanakonda munthu atandiuza tsiku limenelo ndisanakwere minibasi. Akhoza kuthandizanso abale athu ambiri amene amasamalira tigalimoto totere m'mabwalo a gofu ndi m'midzi yotchingidwa ndi mipanda ku South Africa, kumene timapezeka tochuluka.

Dziwani kaye mavolti a kagalimoto kanu

Tukulani mpando. Mabatire ali pansi pake. Werengani kuti alipo angati, kenaka werengani zivindikiro zothiriramo madzi pa batire limodzi. Chivindikiro chilichonse ndi chipinda chimodzi cha mavolti 2. Batire la zivindikiro zitatu ndi la mavolti 6, la zinayi ndi la 8, la zisanu ndi chimodzi ndi la 12. Mabatire 6 a mavolti 6 amapanga 36. Mabatire 6 a mavolti 8 amapanga 48, chimodzimodzinso 8 a mavolti 6, kapena 4 a mavolti 12. Tigalimoto ta Club Car, E-Z-GO ndi Yamaha, amene ndi mayina ofala kwambiri, nthawi zambiri timakhala ta 36 kapena 48, ndipo takale ndi timene timakonda kukhala ta 36. Mukapeza bokosi limodzi lotsekeratu lopanda pothirira madzi, limenelo ndi la lithium, ndipo manambala ake alembedwa pachikwangwani chake.

Musanawononge ndalama, yezani thanzi la mabatirewo. Atchajeni mpaka adzaze, asiyeni apume usiku wonse osawagwiritsa ntchito, kenaka yezani ndi multimeter, kamita koyezera mavolti. Gulu la mabatire la mavolti 48 lodzaza bwino limawerenga pafupifupi 50.9, la 36 limawerenga pafupifupi 38.2. Yezaninso limodzilimodzi: la mavolti 6 likhale cha pa 6.37, la 8 cha pa 8.49, la 12 cha pa 12.7. Mukapeza limodzi lotsalira kwambiri kwa anzake, dziwani kuti limenelo likukoka onse. Sola sichiritsa batire lakufa. Kuthira moto m'batire lotero kuli ngati kutunga madzi ndi dengu, choncho yambani mwalisintha.

Masamu a dzuwa, kuti musadzakhumudwe

Apa ndichedwepo, chifukwa anthu ambiri amaganiza kuti akaika panelo, kagalimoto kaziyenda ndi dzuwa basi.

Tengani gulu la mabatire 6 a Trojan T-875, amene ndi a mavolti 8 ndi 170Ah (Ah ndi muyeso wa kuchuluka kwa moto umene batire limasunga). Mukachulukitsa 48 ndi 170 mupeza 8,160. Imeneyo ndiye nkhokwe yonse ya moto, pafupifupi mayunitsi 8 monga timawerengera pa mita ya m'nyumba. Mabatire a asidi safuna kukamidwa kupyola theka kawirikawiri, ndiye gawo limene mungadye tsiku ndi tsiku osawapweteka ndi mayunitsi 4.

Tsopano panelo. Manambala olembedwa kumbuyo kwake amayezedwa ili pa madigiri 25, dzuwa likuiwomba mwachindunji. Padenga la kagalimoto mu Okutobala, galasi lake limatentha kuposa pamenepo kutalitali, ndipo digiri iliyonse yowonjezera imachotsako pafupifupi 0.4 peresenti ya mphamvu. Onjezerani fumbi, mawaya, ndi zimene kontirola imadya yokha. Kuno kwathu tsiku lowala bwino limapereka ngati maola 5 a dzuwa lamphamvu. Panelo ya mawati 300 kwa maola 5 ndi 1,500, ndipo mukachotsa zotayika mutsala ndi pafupifupi 1,000, ndiye kuti yunitsi imodzi patsiku. Mabatire amene afika theka angafune masiku anayi a dzuwa kuti adzaze ndi panelo yokhayo.

Yunitsi imodzi imeneyo imayendetsa kagalimoto mtunda wa makilomita 5 mpaka 8 pamsewu wouma wopanda zitunda zambiri. Mumchenga wa kunyanja, kapena mutanyamula makireti, mtundawo umachepa. Poyenda pamalo athyathyathya mota imakoka ma amp (muyeso wa moto woyenda m'waya) makumi angapo, ndipo ponyamuka kapena pokwera chitunda imatha kupyola 200. Panelo yanu pa nthawi yomweyo ikupereka ma amp 4 kapena 5. Ndiye chimene sola ikuchita ndi kubwezera pang'onopang'ono, ngati madontho odzaza mtsuko, makamaka nthawi imene kagalimoto kaima.

Kodi n'zaphindu? Kwa ife zinali zaphindu kwambiri, chifukwa maulendo athu anali afupiafupi, mamita 300 kupita, 300 kubwera, kenaka kuima ola lathunthu. Kagalimoto kotere dzuwa limakabwezera pafupifupi zonse zimene kadya. Phindu lina, limene ine ndimaliona lalikulu kuposa mtunda, ndi lakuti mabatire a asidi amafa msanga akamagona masiku ali theka. Timiyala toyera timamera pa mbale za mtovu zam'kati n'kuuma, ndipo batire silibwereranso mwakale. Sola imawasunga ali pafupi kudzaza. Koma ngati kagalimoto kanu kamazungulira bwalo la gofu kawiri kapena katatu patsiku, panelo ya padenga ingochepetsako njala, tchaja ya pakhoma izifunikabe usiku uliwonse. Zikatero ndi bwino kuganiza zoika mapanelo angapo padenga la shedi imene mumakasungamo.

Kontirola: apa ndi pamene ndinagwera

Moto wa magetsi uli ngati madzi, umachoka pokwera kupita potsika. Kuti batire la 48 lidzaze, pafunika kulikankha ndi mavolti pafupifupi 59. La 36 limafuna pafupifupi 44.5. Panelo yaing'ono ya mawati 100, ija timati ya 12, imagwira ntchito pa mavolti 18. Panelo yaikulu ya tizigawo 60 (timabokosi tija tooneka pansi pa galasi) imagwira cha pa 30 mpaka 33, ya tizigawo 72 cha pa 37 mpaka 41. Palibe ngakhale imodzi imene ingakankhe moto m'gulu la 48 payokha. Kontirola wamba, kaya ndi ya mtundu wa PWM kaya wa MPPT, imangodziwa kutsitsa mavolti. Kukweza siidziwa.

Njira zilipo ziwiri. Yoyamba, imene ndimaikonda pa kagalimoto, ndi kugula kontirola yokweza mavolti, imene ogulitsa amaitchula kuti boost MPPT. Imatenga mavolti 30 a panelo imodzi n'kuwakweza kufika pamene batire likufuna. Kampani ya Genasun imapanga ina yotchedwa GVB-8, yolandira mpaka ma amp 8 kuchokera ku panelo, ndipo ilipo ya 36 ndi ya 48 padera. Ziliponso zina zotsika mtengo zochokera ku China zimene mumadzisankhira mavolti ndi timabatani. Pa kontirola yokweza, lamulo n'lakuti mavolti a panelo akhale pansi pa a batire. N'chifukwa chake panelo ya tizigawo 72 siyenerana ndi kagalimoto ka 36, pakuti mavolti ake amafanana kapena kupyola a mabatire, ndipo kontirola imasowa chokweza. Pa 36 tengani ya tizigawo 60 kapena yocheperapo. Onaninso ma amp a panelo. Mapanelo akuluakulu a masiku ano, a mawati 400 ndi kupitirira, amatulutsa ma amp opyola 10, ndipo kontirola ya 8 singawadye onse.

Njira yachiwiri ndi kulumikiza mapanelo motsatizana, pozitivu ya iyi ku negetivu ya inzake, kuti mavolti awonkhetsane, kenaka n'kugwiritsa ntchito MPPT wamba yodziwa mabatire a 48. Mwachitsanzo Victron SmartSolar 100/20 ya 48 imalandira mpaka mavolti 100, ndipo kuti iyambe ntchito imafuna kuti mapanelo apose batire ndi mavolti 5. Mapanelo anayi a mawati 100 amapereka cha pa 72 akamagwira ntchito, ndi cha pa 88 akakhala osalumikizidwa, ndiye akukwana. Atatu sakwana, chifukwa 54 ili pansi pa 59, ndipo kukatentha imatsikanso. Vuto la njira imeneyi ndi malo: mapanelo anayi sakwana padenga la kagalimoto ka anthu awiri. Imayenera tigalimoto tatitali ta mipando itatu, kapena denga la shedi. Kumbukiraninso kuti m'mawa wozizira mavolti a panelo amakwera, choncho musafike pafupi kwambiri ndi malire a 100, makamaka inu a ku Johannesburg kumene mu Juni madzi amaundana.

Mukapita kukagula, funsani zinthu zitatu ndipo muzione zolembedwa pa chipangizocho ndi maso anu: mavolti a batire amene imadziwa, mavolti ndi ma amp a panelo amene imalandira, ndiponso ngati ndi ya mabatire a asidi kapena a lithium. Tengani yosalowa madzi. Kagalimoto kamanyowa ndi mvula ndipo kamatsukidwa ndi paipi.

Panelo ndi zomangira

Yezani denga ndi tepi musanapite kusitolo. Panelo ya tizigawo 60 imakhala pafupifupi mita 1.65 m'litali ndi mita imodzi m'lifupi, yolemera makilogalamu 18 kapena 19. Ya tizigawo 72 imafika mamita 2 ndipo imapyola makilogalamu 22. Pa kagalimoto ka anthu awiri, ya 60 imatulukirako pang'ono kutsogolo kapena kumbuyo, zimene sizivuta bola ngodya zake zisakhale pamene munthu angagundepo mutu potsika.

Alipo mapanelo opindika, opepuka, omata ndi guluu. Amaoneka bwino tsiku loyamba. Ine sindiwalimbikitsa kumalo otentha, chifukwa akamatidwa padenga la pulasitiki mpweya sudutsa pansi pake, amapsa, ndipo sakhalitsa ngati a galasi. Ngati mizati ya denga lanu ndi yolimba, tengani ya galasi ya felemu ya aluminiyamu.

Zina zofunika ndi izi: ngodya ziwiri za aluminiyamu (zitsulo zopindidwa ngati L) zotalika ngati m'lifupi mwa denga, mabawuti osachita dzimbiri a mamilimita 6 kapena 8 okhala ndi manati osamasuka okha, mawashala aakulu ndi timphira, waya wa sola wa 4mm² wofiira ndi wakuda, zolumikizira mawaya a panelo zotchedwa MC4, timalupu ta kumapeto kwa waya tokwana pa bawuti la batire, paipi yopindika yotetezera waya, zomangira mawaya za pulasitiki zakuda, silikoni, swichi ya DC (mtundu wa moto wa m'mabatire ndi mapanelo), ndi fyuzi ya ma amp 10. Za fyuzi mvetserani bwino. Tija tamitundumitundu ta m'galimoto tinapangidwira mavolti osapyola 32. Pa 48, fyuzi yotero ikaduka moto ukhoza kulumpha mpatawo n'kupitirira kuyaka. Funsani fyuzi ya DC ya sola yokhala ndi kanyumba kake.

Kuzimitsa ndi kudziteteza

Imikani kagalimoto pamthunzi, pamalo athyathyathya podutsa mphepo, mangani buleki, chotsani kiyi. Tigalimoto tambiri ta 48 tili ndi swichi pansi pa mpando yolembedwa Tow ndi Run. Ikani pa Tow musanakhudze waya aliyense, apo ayi mukhoza kuotcha bokosi loyendetsa mota, limene ndi lodula. Jambulani mabatire ndi foni kuti mudzakumbukire mmene mawaya analili.

Vulani wotchi, mphete ndi tcheni cha m'khosi. Kulungani chogwirira cha sipanala ndi tepi ya magetsi, kungosiya kukamwa kwake. Ndinaonapo sipanala itagwera pakati pa mitu iwiri ya batire: inathetheka ngati akuwotcherera, ndipo inatuluka itadyeka mbali imodzi. Valani magalasi oteteza maso. Mabatire a asidi akamatchaja amatulutsa mpweya wa hydrogen umene umaphulika, ndiye fodya ndi moto zikhale kutali. Mitu ikakhala ndi zoyera kapena zobiriwira, itsukeni ndi soda wophikira wosungunula m'madzi, zivindikiro zili zotseka kuti sodayo asalowe m'kati, kenaka pukutani.

Kumanga panelo padenga

Denga la pulasitiki palokha silinganyamule panelo pamsewu wa mabampu. Limang'aluka kuyambira pa bowo. Yang'anani pamene denga lamangidwira ku mizati yachitsulo, kutsogolo ndi kumbuyo, ndipo ngodya zanu za aluminiyamu zigwire pamenepo kapena pafupi kwambiri, kuti kulemera kutsikire m'mizati. Ena amachotseratu denga n'kuika panelo kuti ikhale denga. Zimatheka ndipo kulemera kumachepa, koma pamafunika felemu yowotcherera bwino, komanso madzi a mvula amadonthera okwera m'mbali.

Muli awiri, kwezani panelo, ikhazikeni pakati, chongani mabowo ndi cholembera, kenaka itsitseni musanaboole. Felemu ya panelo imabwera ndi mabowo ake kumunsi. Gwiritsani ntchito amenewo. Mukakakamizika kuboola lina, ikani kathabwa pakati pa felemu ndi kumbuyo kwa panelo, chifukwa chobowolera chikapyoza n'kukanda kumbuyoko, panelo yatha. Siyani mpata wa zala ziwiri kapena zitatu pakati pa denga ndi panelo kuti mphepo izidutsa. Pa bowo lililonse la padenga pakani silikoni, ikani kamphira, ndi washala wamkulu kumunsi. Mangani mokwanira koma osafinya pulasitiki mpaka kulira. Mukamaliza gwirani ngodya ya panelo ndi kuigwedeza mwamphamvu. Kagalimoto konse kagwedezeke pamodzi nayo. Ikamasewera yokha, bwererani ku mabawuti.

Kumbukirani kuti makilogalamu 19 ali pamwamba tsopano. Pokhota ndi podutsa m'mbali mwa chitunda, woyendetsa achepetse liwiro. Muuzeninso za nthambi ndi zitseko za shedi, pakuti kagalimoto katalikirako.

Mawaya

Phimbani panelo ndi katoni kapena bulangete, ndipo mumange kuti mphepo isachotse. Panelo ikangoona kuwala imayamba kutulutsa moto, ilibe pozimitsira.

Sankhani malo a kontirola pafupi ndi mabatire koma osati pamwamba pawo penipeni, chifukwa nthunzi ya asidi imadya zitsulo zake. Khoma la m'mbali pansi pa mpando, kapena kumbuyo kumene amaika zikwama, ndi malo abwino. Ikhale poti mukhoza kuona timagetsi take. Tsitsani mawaya a panelo motsatira mzati wakumbuyo, ali m'paipi yopindika, mukumanga ndi zomangira pa mtunda wa chikhatho chilichonse. Pamene waya akudutsa pa bowo lachitsulo ikani kamphira. Asayandikire matayala, masipuling'i kapena ndodo ya buleki. Pa waya wofiira wochokera ku panelo ikani swichi ija ya DC.

Tsopano pezani mitu iwiri ikuluikulu ya gulu lonse. Mabatire alumikizidwa ngati unyolo, ndipo kumapeto kwina kuli pozitivu imene waya wake akupita ku kagalimoto, kumapeto kwinako kuli negetivu yotero. Ikani multimeter pa iwiriyo, iwerenge mavolti a gulu lonse, 36 ndi kanthu kapena 48 ndi kanthu. Kontirola ilumikizidwe ku gulu lonse. Musayesere kutchaja batire limodzi kapena awiri ndi kontirola ya 12 poganiza kuti moto ufalikira kwa anzake. Sufalikira. Amenewo adzadzaza n'kuwira pamene ena ali ndi njala, ndipo gulu lonse lidzafa msanga. Musamangirirenso negetivu ku chitsulo cha kagalimoto monga timachitira pa galimoto ya petulo. Pa tigalimoto ta mabatire, moto suyenda m'felemu.

Eni Club Car akale a 48 asamale chinthu chimodzi. Tigalimoto timeneti tili ndi kabokosi kotchedwa OBC, kamene waya wamkulu wa negetivu amadutsa pakati pake. Kamawerenga moto wotuluka ndi wolowa, n'kumauza tchaja ya pakhoma nthawi yosiyira. Mukamanga negetivu ya sola pa mutu wa batire mwachindunji, moto wa dzuwa ulowa kabokosiko osauona, ndipo kawerengedwe kake kasokonekera. Mangani negetivu yanu kutsidya kwa kabokosiko, kumene waya wamkuluyo akukathera.

Ndondomeko yolumikizira ndi iyi, ndipo musaisinthe. Fyuzi ikhale pa waya wofiira, pafupi ndi mutu wa pozitivu osapyola chikhatho chimodzi, koma muyambe mwaichotsa m'kanyumba kake. Mangani mawaya awiri a batire ku kontirola, kenaka ku mabatire. Pa mutu wa batire, lupu ya waya wamkulu ikhale pansi, kalupu ka sola pamwamba, kenaka nati. Mangani mogwira koma osakakamiza, mtovu ndi wofewa ndipo bawuti limazuka. Yezani pa kanyumba ka fyuzi kuti mutsimikize kuti pozitivu ili ku pozitivu. Bwezerani fyuzi. Kontirola iyake ndi kuzindikira batire. Pokhapo ndi pamene mungabwere ku panelo: kankhirani kagalimoto padzuwa, vundukulani, yezani mavolti pa mawaya ake swichi ili yozimitsa, muone ngati akufanana ndi olembedwa kumbuyo pa Voc (mavolti a panelo yosalumikizidwa) ndiponso ngati multimeter sikuonetsa kachizindikiro kochotsera. Zikakhala bwino, yatsani swichi. Tsiku lililonse limene mudzafune kumasula, muzidzayamba kuzimitsa panelo, batire pambuyo.

Kuuza kontirola mavolti oyenera

Ngati kontirola yanu ndi yosankha nokha manambala, pa mabatire a asidi othira madzi a Trojan ikani 59.3 podzazira ndi 54 posungira, pa gulu la 48. Pa gulu la 36 ikani 44.5 ndi 40.5. Manambalawa ndi a madigiri 25. Kukatentha amafuna kutsitsidwa ndi 0.005 pa chipinda chilichonse pa digiri iliyonse. Gulu la 48 lili ndi zipinda 24, ndiye pa madigiri 35 muchotsa 1.2, kutsala pafupifupi 58.1. Kunyanja ndi ku Chigwa cha Shire zimenezi si zongolankhula, mabatire amamwa madzi kwambiri mukawasiya pa manambala a kozizira. Kontirola zina zimadzisinthira zokha poyeza kutentha. Mabatire a kampani ina, tsatani pepala lawo.

A lithium a mtundu wa LiFePO4 otchedwa a 48 amakhala ndi zipinda 16, mavolti 51.2, ndipo malire ake ndi 58.4. Ambiri amawadzazira pansi pang'ono pa malirewo. Pa amenewa zimitsani gawo lotchedwa equalize, lija limakweza mavolti kwambiri kuti mabatire a asidi afanane, chifukwa lithium salifuna, ndipo musatsitse kapena kukweza mavolti potsata kutentha.

Kuyesa, ndi masabata oyamba

Bwezerani swichi pa Run. Masana dzuwa lili pamutu, mabatire atagwirako ntchito, yezani mavolti swichi ya sola ili yozimitsa, kenaka yatsani. Pakapita mphindi zingapo manambala ayambe kukwera pang'onopang'ono. Ngati muli ndi mita yopana waya yodziwa DC, muyenera kuona ma amp 3 mpaka 5 kuchokera pa panelo ya 300 kulowa m'gulu la 48. Mukaona zochepa kwambiri, mwina mabatire adzaza kale, zimene zili bwino, kapena pali mthunzi. Yesani kuika chipewa pa ngodya imodzi ya panelo muone mmene moto ukugwera. Panelo yaikulu imagawidwa m'magawo atatu m'kati mwake, ndipo tsamba limodzi lalikulu likhoza kugonetsa gawo lathunthu. Gwirani mawaya ndi malupu pakatha theka la ola. Pofunda ndi pamene simunamange bwino.

Kuyenda sola ili yoyatsa kulibe vuto. Tchaja ya pakhoma ndiyo imafuna kuiganizira. Matchaja ambiri amayang'ana mavolti kuti adziwe ngati mabatire adzaza, ndipo sola ikamakankha nthawi yomweyo akhoza kunyengeka n'kusiya msanga. Tchajani usiku, kapena zimitsani swichi ya sola mukamatchaja masana. Ngakhale dzuwa likukwanira, kamodzi pa sabata lolani tchaja ya pakhoma idzaze mabatire mpaka isiye yokha. M'miyezi ya mvula, ndiponso masiku a chiperoni kwa inu a ku Thyolo, Mulanje ndi Blantyre, muziyembekeza theka la zimene mumapeza mu Seputembala kapena kucheperapo, ndipo mukaona gulu la 48 litapuma likuwerenga 48.4, kapena la 36 likuwerenga 36.3, lafika theka, lipititseni ku soketi.

Madzi a m'mabatire tsopano azitha msangako chifukwa akutchajidwa tsiku lililonse. Mwezi woyamba yang'anani sabata iliyonse mpaka mudziwe kamwedwe kake. Thirani madzi a batire okha, aja otchedwa distilled water amene amagulitsidwa pamalo omwetsera mafuta, osati a pampopi kapena a pachitsime. Thirani madziwo mabatire atadzaza moto, chifukwa asidi amafufuma potchaja ndipo mukadzaziratu amasefukira. Pokhapokha mbale zam'kati zikaonekera pamwamba ndi pamene mungathire pang'ono kuti zimire musanatchaje. Pakatha sabata ziwiri bwererani ku mabawuti onse a padenga ndi sipanala, mabampu amakhala atawamasulako.

Chovuta kwambiri kwa ife sichinali cha mawaya. Mnyamata woyendetsa anazolowera kuimika kagalimoto pansi pa mtengo wa mango pafupi ndi khitchini, pamene iye ankapumirapo. Ndinkapeza panelo ili pamthunzi, pamwamba pali masamba ndi zitosi za mbalame. Tinagwirizana kuti benchi lake likhale pamtengopo, koma kagalimoto tinakajambulira malo ake ndi laimu pabwalo, kumpoto kwa nyumba kumene mthunzi sufika ngakhale mu Juni dzuwa likapendekera kumeneko. Tinamangiranso kansalu ndi botolo la madzi kumbuyo kwa mpando, kuti m'mawa uliwonse galasi lisanatenthe azilipukuta asananyamule chikwama choyamba.